Zidendene za a Ng'ona

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi moni monga tinaleredwera, ngakhale kuti zimene ndabwera nazo si za moni. Muli bwanji kumeneko? Nanga bondo lija mumadandaula nalo kukazizira, lakusiyani? Ndikufunsa ndi mtima wonse, chifukwa ndikufuna mukhale amphamvu pa zimene zikubwerazi. Wodwala sazengedwa mlandu. Ife kuno tili bwino, ine ndi alamu anu, kupatula kuti ine ndikutsika masitepe cham'mbuyo nditagwira khoma, pa zifukwa zimene mumve posachedwa.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba papepala foni ilipo, komanso bwanji kalatayi yafikira ku ofesi yanu kusukulu osati kunyumba. Ndachita dala. Foni yanu alamu anga amaitsegula ngati kabati ya mbale, ndipo inuyo mukamayankhula ndi ine mumakonda kuikweza mawu kuti nyumba yonse imve nthabwala zanu. Izi si za nyumba yonse, pakadali pano. Uzani akalaliki kuti ahedi ali pamsonkhano, mutseke chitseko, mukhale pansi.

Za kuno n'zochepa. Kuntchito ndi kuja kwa masiku onse: mabotolo a madzi amafika m'mawa m'mabokosi ozizira, ine kuyeza, kulemba, kusaina. Makina athu aakulu oyezera anafa sabata ziwiri. Kunabwera amisiri atatu, anawazungulira manja ali kumbuyo ngati afika pamaliro, n'kubwerera. Lachinayi makinawo anadzuka okha. Eni nyumba apentetsa khonde lonse utoto wofanana ndi mankhwala a chifuwa, ndipo akuyembekeza kuti tiwathokoze. Alamu anu ayamba kudzala tomato m'zidebe pawindo, ndipo masiku ano amacheza ndi tomatoyo kuposa ine.

Tsopano mlandu.

Mukukumbukira chaka chatha pa tsiku lobadwa la amayi, nditaimba foni nonse muli pabalaza? Ndinangotchula mongodutsa kuti ndayamba kuphunzira kusambira. Munaseka mpaka kutsokomola. Munati Alonda ali ndi madigiri awiri a za madzi, koma chimene chimalowa m'madzimo ndi kabotolo kokha. Munati ndinawoloka nyanja zikuluzikulu, inde, koma nditamanga lamba pampando wa ndege. Kenako munalumbira, amayi ndi alamu akumva, kuti tsiku limene Alonda adzasambire pakuya, inuyo a Ng'ona mudzakhala pamtunda n'kumawalondera zovala. Mawuwo ndinawalemba kuseri kwa kalendala, ndi tsiku lake, ndi ola lake. Ntchito yanga ndi yosunga umboni.

Dzina la Alondali munandipatsa ndinu, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Inu ndi anzanu munkafika kudamu kuja, kuvula, kuunjika zovala patsogolo panga, n'kuthamangira m'madzi. Ine n'kutsala pachitsa, kumapirikitsa mbuzi ndi anyamata a tsidya lina aja, omwe ankamanga mfundo m'mikono ya malaya n'kuinyowetsa kuti isamasuke. Zaka zisanu ndi chimodzi, achimwene. Ndikapempha kuti ndilowe nawo, munkati mawa. Lanu la Ng'ona palibe anakupatsani, munadzibatiza nokha. Langa linanditsatira kusekondale, kuyunivesite, ngakhale pa ukwati wanga pomwe munagwira chinkuzamawu n'kuuza akuchimuna kuti apeza mkazi woti ngakhale sokosi imodzi sidzasowa m'nyumba. Ana anu amanditcha azakhali Alonda. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi.

Ndiye Lamlungu lapitali ndinalowa mpikisano. Eni ake amautcha thirayathiloni, kutanthauza zilango zitatu zondondozana: kusambira mamita 750 m'kanyanja, kutuluka n'kupalasa njinga makilomita makumi awiri, kutsika n'kuthamanga makilomita asanu, popanda kupuma pakati. Akuti umenewu ndi waufupi, wa ongoyamba kumene. Amene anautcha waufupiyo ndidzamufuna ndikathana ndi inu.

Ndinakonzekera miyezi isanu ndi inayi. Wondiphunzitsa kusambira ndi mayi wina wachikulire, woonda ngati nsungwi, amene tonse timangomutcha Mayi Wezulo chifukwa wezuloyo sachoka m'khosi. Tsiku lachitatu anandigwira ndikuba. Ndinali kumbali yosaya ya dziwe lophunzirira, mikono ikupalasa bwinobwino pamwamba, mapazi akuyenda pansi. Analiza wezulo, nagwada m'mphepete, n'kundiuza motsitsa mawu kuti mwana wanga, ine usandinamize, ndinayamba ntchitoyi iwe usanamere mano. Anati mikono aliyense angaonetse, nkhope yaukali aliyense angaonetse, koma wosambira weniweni amadziwika ndi zidendene, zimatulukira pamwamba zokha. Anati kuyambira lero nkhope yangayo ndiibise m'madzi, iye akufuna zidendene. Mawu amenewa muwasunge, achimwene, tiwafuna kutsogoloku.

Njinga ndinabwereka kwa mnzanga wa ku labu. Matayala ake ndi opyapyala ngati chala, chishalo chake ngati mpeni wosanola. Ilibe kaliyala, ilibe belu, ilibe ulemu.

Tsikulo tinafika dzuwa litangotuluka. Anandilemba nambala pamkono ndi cholembera chachikulu, zaka zanga pakatumba kuti dziko lonse lidziwe, n'kundimanga kachipangizo kowerenga nthawi pakakolo ngati wandende. Kenako anandilozera malo amene amawatcha osinthira. Ndi bwalo lotchingidwa ndi mpanda pafupi ndi madzi, mizeremizere ya zitsulo zokolekapo njinga, ndipo aliyense amapatsidwa kadanga kokwana thaulo limodzi koti aikepo zinthu zake. Mukatuluka m'madzi mumathamangira m'menemo kukavala za njinga, mukatsika njinga mumabwereranso kukavala zothamangira, wotchi ikuwerengabe.

Anthu anali balala m'menemo, ena ndi zipangizo zoti mungagulire ng'ombe, koma osadziwa kuti nsapato iyang'ane kuti. Ine ndinaima n'kuyang'ana: milu ya zovala, pamtunda, pafupi ndi madzi. Mtima unakhala pansi. Ndinadziwa kuti pano pokha ndafika kwathu.

Ndinayala thaulo. Nsapato ndinaziyasamitsa, sokosi iliyonse yopindidwa kale m'kamwa mwa nsapato yake. Chisoti ndinachigoneka chagada pamahandulo, magalasi ali m'kati. Ndinawerenga mizere kuchokera kumadzi: wanga wachisanu ndi chiwiri, moyang'anizana ndi mtengo wopindika. Mosafuna ndinapezeka ndaloweza ndi za anansi omwe, uyu thaulo lobiriwira mzere wachisanu, uyo botolo losweka chivindikiro mzere wachitatu. Chizolowezi sichipita kutchuthi. Alamu anu sanaloledwe kulowa, anatsala kumpanda ndi chikwama changa. Anachilonda mokhulupirika, koma luso alibe, anakhalira nthochi yanga.

Madzi a kuno amazizira, choncho mumavala chovala cha mphira chothina kuyambira m'khosi mpaka m'miyendo. Kuti ndilowemo panafunika ine, alamu anu, ndi mayi wina wosamudziwa amene anangomva chisoni. Nditalowamo ndinaoneka ngati chubu cha thirakitala.

Vuto lina n'lakuti kanyanjako ndimakadziwa. Madzi ake amabwera pa tebulo langa mwezi ndi mwezi. Ndimadziwa zimene abakha amasiyamo, ndipo ndimazidziwa ndi mayina ake achilatini. Anzanga ankaona madzi, ine ndinkaona lipoti.

Lipenga litalira, anthu oposa mazana awiri tinagwera m'madzi nthawi imodzi. Wina anandimenya chidendene pamphuno, wina anandikwera pamsana ngati mlatho. Ndinamwa lipoti lija makapu awiri. Nditafika pomwe phazi silipezanso pansi, zonse za Mayi Wezulo zinauluka. Chifuwa chinatseka. Ndinagwira mphuno ya kabwato ka opulumutsa anthu, zimene malamulo amalola bola kabwatoko kasayende nawe. Mtsikana wopalasa anandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna anditulutse, nati palibe manyazi, chaka chamawa chiliko.

Pano sindinama, chifukwa mboni yonama imaluza ngakhale mlandu wabwino. Ndinalira m'magalasi osambirira. Ndinayang'ana kumtunda, kuli udzu wouma bwino, kuli anthu ovala majuzi atagwira zikwama za anzawo, ndipo ndinalakalaka malo anga akale. Pakamwa panatsala pang'ono kunena kuti inde. Chimene chinandiletsa si kulimba mtima. Ndi chifuwa chanu chija, achimwene, kutsokomola kwa kuseka kuja. Ndinakumva bwinobwino pakati pa kanyanja. Ndinauza mtsikanayo kuti zikomo, ndili ndi munthu woti ndimukhaulitse. Sanamvetse, koma anandifunira zabwino.

Ndinataya kabwato. Kuti ndisaganize za pansi pomwe palibe, ndinayamba kutchula mulu wakale uja, mkono uliwonse chovala chimodzi. Kabudula wa khaki wa a Ng'ona. Malaya a mwana wa abusa. Lamba wa mwana wa apolisi. Nsapato imodzi ya uja analibe inzake. Ndikafika kumapeto, kuyambiranso. Ndi mmene ndinazungulira chibaluni choyamba choyandama, kenako chachiwiri, n'kuloza kumtunda. M'mbuyo mwanga munali anthu owerengeka, koma analipo.

Tsopano mvetserani bwino, pano ndi pomwe pagona nkhani.

Chakumapeto kanyanjako kamayamba kusaya pang'onopang'ono, mtunda ukadali patali ndithu. Patsogolo panga panali bambo wina wa kachipewa kofiira. Nditadzutsa mutu n'kumuona, ndinachita nsanje. Ankasambira mwaufumu. Chifuwa pamwamba, chibwano chouma, mikono ikugwa mwapang'onopang'ono ngati akudalitsa madzi, mutu ukutembenukira uku ndi uku kuona ngati anthu akumuona. Mumtima ndinati, taonani, uyu anaphunzira sukulu imodzi ndi achimwene. Kasambiridwe kanu ndendende, kamene ndinakasirira zaka zisanu ndi chimodzi ndili pachitsa.

Kenako ndinabweza nkhope m'madzi kuti nditulutse mpweya monga anandiphunzitsira. Magalasi anali oyera. Ndinaona mapazi ake awiri otuwa akuyenda chonyang'ama m'matope, akudzutsa kafumbi ka pansi pa madzi, lamanzere, lamanja, lamanzere, mosapupuluma ngati akupita kutchalitchi.

Ndinamwa kapu yachitatu, koma iyi sinali ya mantha.

Achimwene, munthu wa pamtunda amaona theka la pamwamba lokha. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikusirira theka.

Mmene ndinatulukira m'madzimo sindikumbukira. Alamu anu akuti ndinkaseka ndekha, mano onse panja, mpaka anaganiza kuti kuzizira kwandilowa m'mutu. Chovala cha mphira chimene chinafuna anthu atatu ndinachisenda ndekha ngati khoko la nthochi. Mzere wachisanu ndi chiwiri, mtengo wopindika, chisoti, magalasi, sokosi, nsapato, njinga. Anthu amene anandisiya kutali m'madzi ndinawapeza akuzungulira m'bwalomo ngati asokera pamsika. Bambo wa kachipewa kofiira uja ankathamanga chokwera ndi chotsika, akufunsa aliyense ngati waona njinga yake. Ine ndinkaidziwa. Thaulo lobiriwira, mzere wachisanu. Ndinamudutsa osatsegula pakamwa. Ambuye andikhululukire, munthuyo anavutikira mlandu wanu.

Makilomita makumi awiri a panjinga ndinawasandutsa bwalo la milandu. Ndinaitana mboni yoyamba: zidendene. Za mwana wa abusa ndikuzikumbukira, zinkang'anima ngati mbale. Za mwana wa apolisi zinali ndi ming'alu, ndinkaiona ndili pachitsa. Ngakhale uja wa nsapato imodzi, zidendene anali nazo ziwiri. Ndinafufuza m'mutu monse, chaka ndi chaka, dzinja ndi chilimwe. Zanu sindinazionepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Pamenepo ndinafika pachitunda ndili m'giya yolakwika, tcheni n'kugwa. Ndinatsika, kuibwezera, manja bii ndi girisi, n'kupukutira pantchafu. Ndikukwera, anandidutsa agogo ena olembedwa 72 pakatumba, n'kundiuza kuti ndikuchita bwino. Palibe chipongwe choposa kulimbikitsidwa ndi munthu amene akukupitirira.

Potsetsereka ndinaitana misundu. Anzanu onse ankatuluka oyera, inu nokha munkatuluka ndi misundu iwiri kapena itatu italendewera m'miyendo, ndipo wochotsa ndi kamtengo ndinali ine. Munkandiuza kuti misundu imasankha magazi amphamvu. Ndinakhulupirira, ndinkauzanso anzanga monyadira. Digiri yanga yoyamba inandiphunzitsa kuti misundu imakhala m'bango ndi m'matope osaya, ndinakhoza ndi funso lake pamayeso, koma mutu wanga sunalumikize. Maphunziro amathera pakhomo la mchimwene wako.

Nanga mtengo wouma uja unaima pakati pa damu? Anzanu ankapikisana kukaugwira. Inu munkatsala cham'bangomo, madzi ali m'chifuwa, n'kumati ng'ona sithamangitsana ndi achule. Tsitsi lanu linkafika kunyumba louma. Amayi ankakuyamikirani kuti ndinu mwana wosamala, simudzadwala chimfine.

Pofika posinthira kachiwiri, woweruza anali atamva zokwanira. Ndinakoleka njinga, kuvula chisoti, n'kutuluka.

Za kuthamanga ndinene zochepa. Munthu akatsika njinga miyendo imakhala ngati wabwereka kwa mnansi wamfupi. Kilomita yoyamba ndinkayenda ngati bakha, mwina chifukwa cha zomwe ndinamwa. Pa tebulo la madzi anandipatsa kapu, ndinaiphonya pakamwa n'kudzithira m'khutu.

Koma pa kilomita yachitatu panabwera mboni imene sindinaiitane. M'maganizo ndinaona amayi ataima pakhomo, manja ali m'chiuno, ife tikunyamuka kupita kudamu. Ankanena mawu amodzimodzi tsiku lililonse, kuti mwanayu akalowa m'madzi womutulutsa ndiwe, ndipo akamira usabwere kuno. Ankauza mnyamata wa zaka khumi ndi chimodzi, amene anali atauza kale dziko lonse kuti ndi ng'ona, amene ankadziwa yekha mumtima kuti kamlongo kake kakapitirira bango, iye alibe chochita koma kukuwa. Mnyamata ameneyo anayang'ana uku ndi uku, naona chitsa.

Ndinathamanga nazo zimenezi pafupifupi theka la kilomita. Zinkalemera, ndipo anthu awiri anandidutsa. Kenako ndinakumbukira chinkuzamawu cha pa ukwati, ndi kutsokomola kwa chaka chatha, miyendo n'kupepukanso. Chigamulo ndi ichi: mnyamata wa zaka khumi ndi chimodzi uja ndamumasula, alibe mlandu, ndipo ndikanakumana naye ndikanamugulira sopo wochapira mabala a misundu. Koma ahedi a zaka makumi anayi ndi zisanu, a tayi ndi ofesi yokhala ndi kapeti, amene amaimabe pamzere wa m'mawa n'kumauza ana a eni mmene ankadumphira m'damu, amene anaseka mlongo wawo pa foni yokweza mawu, amenewo ayi. Mlandu suola.

Ndinamaliza. Anandikoleka mendulo, kundimasula kachipangizo kaukaidi, kundipatsa nthochi ina m'malo mwa ija inaphedwa. Mawa lake zotsatira zinatuluka, gawo lililonse ndi nthawi yake. Pa anthu 203 amene tinafika kumapeto ndinali wa 181. Kusambira, pafupi ndi kumchira. Njinga, bola. Kuthamanga, tisakambe. Koma kusintha zovala, achimwene, pa amayi onse a mumpikisanowo ndinali wachitatu. Mayi Wezulo anaimba foni kufunsa kuti zimenezo anandiphunzitsa ndani, poti iye sanandiphunzitse. Ndinati mchimwene wanga, zaka zisanu ndi chimodzi, osajomba. Anati ndikuthokozereni, ndinu mphunzitsi wabwino. Ndafikitsa uthengawo, musati ndine wosayamika.

Thupi likulipira. Chikhadabo cha chala chachikulu chada ndipo chikutsanzika. M'khosi mphira inandisupula, moti kuntchito akundiyang'ana ngati kunyumba kuno kuli nkhondo. Pa mpando wolimba sindikhala, chishalo chija chinasiya mawu.

M'envelopumu mupeza chithunzi. Alamu anu anajambula makumi anayi, ndipo makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi ndi za anthu ena, abakha, ndi chala chawo. Chimodzi ndi changa. Nkhope sikuoneka, muli kachipewa kachikasu ndi madzi basi, koma yang'anitsitsani kumbuyoko. Ziwirizo ndi zidendene. Ndazizunguliza ndi inki yofiira kuti musavutike, poti mwina simukuzidziwa mmene zimaonekera.

Za mapazi otuwa aja sindinauze munthu. Alamu anu anafunsa chimene ndinkaseka, ndinati kuzizira. Amayi ndinangowauza kuti ndamaliza, iwo n'kufunsa ngati ndinavala zaulemu. Tikudziwa ndife awiri, ine ndi inu, ndipo zikhala choncho kapena ayi malinga ndi mmene muyankhire.

Pempho langa ndi limodzi. Tikubwera pa tchuthi cha Ogasiti. Loweruka loyamba, dzuwa litakwera, banja lonse tidzapita kudamu. Amayi muwanyamulire mpando ndi ambulera, iwo ndi mboni ya lumbiro lanu. Kabotolo kanga ndibwera nako, kadzalowa koyamba monga munanenera, ine pambuyo pake. Ndidzasambira kukagwira mtengo wouma uja, ngati ukadalipo, n'kubwerera. Inu mudzakhala pachitsa. Chikakhala kuti chinaola, chidebe chovundikira chidzakwana, koma mpando wa mu ofesi ayi. Thaulo mudzaliyale, nsapato ziyasame, mbuzi zisayandikire, ndipo musadzawerenge nyuzipepala, mlonda amayang'ana. Ndikadzatuluka mudzandipatse thaulo ndi manja awiri. Kuyambira tsiku limenelo ana anu azidzanditcha azakhali, osawonjezera kanthu, ndipo dzinalo lidzatsala ndi amene wakhala pachitsa.

Mukafuna kunena kuti munkangocheza, kuti lumbiro la pafoni si lumbiro, njira ina ilipo ndipo ndi yaulemu. Mudzavule, a Ng'ona, tipite limodzi kumtengoko. Magalasi osambirira ndagula awiri. Enawo ndi a alamu, adzangoima madzi a m'chiuno n'kuviika nkhope, aone mmene amuna awo amasambirira. Sankhani nokha, ine sindikakamiza munthu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala a kuthamanga kwa magazi aja si okongoletsera pawindo, azimwa. Moni kwa alamu, muwauze kuti ndawasungira kamphatso, osatchula kuti n'chiyani. Moni kwa ana onse atatu, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso, ndi kwa amalume ngati makutu awo akulandirabe moni. Alamu anu akupereka moni, tomato wawonso wabereka awiri ndipo akufuna dziko lidziwe.

Chotsalira n'chimodzi. Mukadzagwira bwino ntchito yanu Loweruka, Lolemba lake m'mamawa anthu asanayambe kudutsa tidzabwererako awiri. Tidzayambira m'bango mwanu momwemo, poti mumamudziwa bwino, ndipo phunziro loyamba ndi kuviika nkhope. Mudzamwa madzi, mudzatukwana, mwina mudzalira, zonsezo ndi za m'silabasi. Zovala zanu tidzazisiya pachitsa popanda woziyang'anira. Mbuzi zikadya, zadya. Wezulo ndagula kale.

Ndine mlongo wanu wokukondani, ngakhale simukuyenera,

Azakhali a ana anu,
wopuma pa ntchito ya ulonda